Msuweni, za mnyamata wako ndi koleji

Halo, msuweni... eee, uthenga wako uja ndauona m'gulumu. Dikira nditseke chitseko kaye. Eya. Wafunsa kuti kodi n'zoona kuti kuno ku America anyamata akuponderezedwa, makoleji adzaza atsikana, thandizo la ndalama nalonso likungopita kwa iwo. Iwe, ndinakudziwa usanamere mano. Unayamba liti kudera nkhawa anyamata a dziko lonse? Ukufunsa za mmodzi, mwana wako wagona pa sofa kwanuyo chimalizireni sekondale. Ukufuna wina akuuze kuti vuto si lake, kapena kuti si lako. Ndikunama?

Manambalawo ndi oona ndithu. Mwa ophunzira 100 a m'makoleji a kuno, pafupifupi 58 ndi akazi. Sizinayambe dzulo ayi. Akazi anapitirira amuna pa madigiri oyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, patangotha zaka pafupifupi 10 chikhazikitsireni Title IX mu 1972, lamulo loletsa kusankha mwamuna kapena mkazi pa maphunziro. A UNESCO nawo mu 2022 anati padziko lonse, pa akazi 100 a m'makoleji pali amuna 88. Kumwera kwa Sahara ndiye amuna akadali ambiri.

Koma taima, ukuwakumbukira amalume aang'ono? Kwa iwe bambo aang'ono. Ayi, osati a wailesi aja, enawo, a kugalaja. Mutu anali nawo kuposa amayi anga, amayiwo amavomera okha mpaka lero. Masamu ankawerengera m'mutu, pensulo ili kukhutu. Kutatsala chaka chimodzi kuti amalize sekondale, anapeza ganyu ya patchuthi kugalaja. Malipiro oyamba anagula wotchi ndi nsapato zonyezimira, ukuzidziwa, za pa chithunzi cha pakhoma chija. Sukulu itatsegulira sanabwererenso. Agogo sanakalipe n'komwe, ankangoti mwamuna sasowa, ali ndi manja. Koma amayi anga akajomba tsiku limodzi lokha, eee, nyumba yonse inkamva. Iwe ukasiya sukulu udzadya chiyani, udzadalira ndani.

Ndiye zaka zinapita. Amalume injini ankaimva ndi khutu, kungoyika dzanja pa boneti n'kukuuza pamene pavuta. Pamene pantchito panafunika folomani, anatenga kamnyamata kamene iwowo anakaphunzitsa kugwira sipanala, poti kanali ndi pepala. Tsiku limenelo sanadye. Kenako anakatenga fomu ya sukulu yamadzulo, naipinda panayi, kuika m'thumba la ovolosi. Inakhala mmenemo mpaka inada ndi girizi, m'mopindamo munang'ambika. Ndinaiona ndi maso angawa, dzina lokha ndi limene analemba. Palibe anawakaniza malo, msuweni. Koma palibenso anakoka mpando n'kunena kuti tiyeni tiimalize lero.

Hmm. Ndimati chiyani... eya, za ndalama. Thandizo lalikulu la boma kuno, Pell Grant, limene limatha kupitirira madola 7,000 pachaka, limayang'ana makamaka zimene banja limapeza. Silifunsa ngati ndiwe mnyamata kapena mtsikana. Kale anyamata ankayenera kulembetsa kaye ku Selective Service, kaundula wa boma wa amene angaitanidwe ku usilikali, kuti alandire thandizoli, koma zimenezo anazichotsa. Masikolashipu a atsikana okha alipo, sindikukana, makamaka ku uinjiniya ndi za makompyuta kumene atsikana ndi ochepa. Koma ndi kachigawo kakang'ono. Ndipo usaiwale kuti zina mwa zimene timati thandizozo ndi ngongole, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ngongole za ophunzira kuno asenza ndi akazi.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi cha ku Kalamazoo, ku Michigan. Mu 2005 anthu akufuna kwabwino analonjeza kulipirira koleji ana omaliza m'sukulu zaboma za mumzindawo. Anyamata ndi atsikana omwe, osasankha. Ofufuza atabwera kudzaona, atsikana omaliza digiri anachuluka kwambiri, koma kwa anyamata zinangosintha pang'ono. Ndalama zomwezo, khomo lomwelo. Ndiye anyamata akuvutikadi, ayi, ndinene bwino, akutsaliradi, ndipo n'zomvetsa chisoni. Koma amatsalira kutali asanafike pa windo la ndalama. Amayamba kutsalira pa kuwerenga akadali ku pulayimale, magiredi a ku sekondale n'kutsika, aphunzitsi aamuna oti awatengere chitsanzo ndi ochepa, kenako ntchito yolipira msanga n'kuwakopa. Ife makolo n'kumangoti adzadzionera yekha, ndi mwamuna.

Ndiye ndikufunse mwachindunji: FAFSA, fomu yofunsira thandizo la ndalama la boma ija, anadzaza? Usandiyankhe m'gulumu, azakhali ako ayamba kulalikira. Ndikukayika ngati anaitsegula n'komwe. Mchemwali wake uja unkamuyendetsa iwe mwini ku makoleji, madeti onse unamata pa filiji. Uyu unamuyendetsa kuti? Sindikukuimba mlandu, ndikudziwa mashifiti ako ausiku. Koma mwanayo palibe mtsikana amene wamulanda malo. Sanagogode basi, ndipo manyazi amugwira, n'chifukwa chake akakumva ukubwera amanamizira kugona.

Ngati digiri ya zaka zinayi sakuifuna, palibe cholakwika. Community college, koleji ya zaka ziwiri, ilipo, za magetsi, za unesi, za kuwotcherera, ndipo Pell imagwira ntchito kumenekonso. Chachikulu atuluke ndi pepala m'manja.

Ndibwereze, poti ndikudziwa umvera uthengawu ukuchapa mbale: ndalama sizinamukane mwana wako, akusowa munthu wokhala naye pambali mpaka fomu itatumizidwa. Loweruka masana ndibwera ndi laputopu. Iwenso monga kholo ufunika akaunti yakoyako pa fomuyo, ndiye usatuluke. Ndipo usamuuze kuti ndikubwerera zimenezi, angathawire kwa anzake.