Kodi uthengawu ndi umene ndikudikira?

Funso: A Mkonzi, ndamva kuti akatswiri ofufuza za netiweki ya mafoni yam'tsogolo ya 6G akulankhula za identification codes. Kodi zimenezi zikusiyana bwanji ndi mmene mafoni athu amatumizira uthenga lero? — Wophunzira za uinjiniya, Blantyre

Yankho: Kusiyanako kwagona pa funso limene wolandira uthenga amakhala nalo. Mu 1948, Claude Shannon wa ku Bell Labs ku America anayala maziko a masamu a katumizidwe ka uthenga, ndipo kwa iye wolandira amafuna kumva zonse zimene zanenedwa. Mafoni athu akuyendabe m'njira imeneyo. Koma mu 1989, Rudolf Ahlswede wa pa yunivesite ya Bielefeld ku Germany pamodzi ndi Gunter Dueck anaganizira wolandira amene akungofuna yankho lakuti inde kapena ayi, monga mwana amene watchera khutu pa wailesi pamene akuwerenga mayina a okhoza mayeso, yemwe sasamala za mayina ena onse koma lake lokha.

Makodi a njira yawoyi ndiwo amatchedwa identification codes, ndipo chimene awiriwa anapeza n'chodabwitsa. Mwa njira ya Shannon, mabiti 10 (biti iliyonse ndi 0 kapena 1) amasiyanitsa mauthenga 1,024, pamene mwa njira yatsopanoyi kuchuluka kwa mauthenga ozindikirika kumafika pa 2 wochulukitsidwa ndi 2 mnzake maulendo 1,024, yomwe ndi nambala ya madijiti 309. Chitsanzochi n'chongoonetsa kakulidwe kake, pakuti masamuwo amakwaniritsidwa pa mauthenga aatali kwambiri, osati pa mabiti 10 enieni.

Chinsinsi chake ndi maere. Wotumiza ndi wolandira amakhala ndi njira zambirimbiri zofupikitsira uthenga kuti usanduke kachizindikiro kakang'ono. Wotumiza amasankha njira imodzi mwamaere, n'kutumiza nambala ya njirayo pamodzi ndi kachizindikirocho, ndipo wolandira amafupikitsa uthenga umene akudikira mwa njira yomweyo kuti aone ngati zizindikiro ziwirizo zikufanana. Popeza mauthenga awiri osiyana amafanana zizindikiro pa njira zochepa chabe, mwayi wolakwitsa umakhala waung'ono, ngakhale kuti sutheratu: nthawi zina makina angavomere uthenga wa eni ake. Mu 1993, Sergio Verdú ndi Victor Wei anaonetsa mmene makodi otere angapangidwire pogwiritsa ntchito makodi a Reed-Solomon, omwenso amathandiza kuti CD yokalika iseweredwebe.

Musayembekezere kuti njirayi idzakutumizirani kanema mwachangu, chifukwa wofuna uthenga wonse adzakhalabe pansi pa malire amene Shannon anapeza a kuchuluka kwa uthenga umene ungatumizidwe. Ife tikuona kuti phindu lake lili pa makina olankhulana okhaokha, monga magalimoto ochenjezana pamsewu kapena timasensa zikwizikwi ta m'fakitale, tomwe tingasunge batire podzuka pokhapokha taitanidwa. Ofufuza monga Holger Boche wa ku Munich akulimbikira nkhaniyi, koma pakadali pano ntchito yaikulu idakali m'mayunivesite, ndipo vuto limodzi limene akulimbana nalo ndi lakuti kuwerengera zizindikirozo kumalemetsa makompyuta aang'ono pamene makodiwo akukula.