Tizilombo timakhala bwanji m'madzi opanda okosijeni?

Achimwene, mwafunsa ngati chamoyo chingakhale m'madzi opanda mpweya wa okosijeni. Chingathe ndithu. Onani nyanja ya Cadagno, m'mapiri a ku Switzerland, pamtunda wa mamita 1,921. Kuya kwake ndi mamita 21 okha, koma madzi apamwamba ndi apansi sasakanikirana. Akasupe apansi amadutsa m'miyala ya dolomite ndi gypsum, motero madzi awo amakhala ndi mchere wambiri, n'kulemera, n'kukhazikika pansi mpaka kalekale.

Pansipo palibe okosijeni, motero mabakiteriya ena amapuma ndi sulfate, umodzi mwa michere ya m'madzimo, n'kutulutsa hydrogen sulfide, mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Koma kwa ine zodabwitsa zili pakati, cha pa mamita 12, pomwe kuwala kwa dzuwa kumafikabe pang'ono. Apa pamadzadza mabakiteriya ofiirira, monga Chromatium okenii, mpaka madzi kusintha mtundu. Iwowa amapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala komanso sulfide uja, osatulutsa okosijeni. Podya sulfide'yo amatchinjiriza nsomba za pamwamba ku poizoni.

Nyanja ya Malawi nayonso ilibe okosijeni kupitirira mamita pafupifupi 250, kungoti kumeneko kuwala sikufika.