Mukalowa kwa wogula wamkulu, mtengo utuluke pakamwa panu

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wosoka wa ku Kapata, muno mu Chipata, ndipo akuti: "Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikusoka zikwama za chitenje zimene ndimagulitsa pa K250 chimodzi. Mwezi watha ndinapita ku Mfuwe kukaonana ndi a manijala a loji ina imene ili ndi kasitolo kogulitsira alendo. Ndinawafotokozera mmene ndinayambira, mmene bambo a kunyumba anandisiyira ana atatu, ndiponso mmene makina anga osokera aphunzitsira anawo. Atandifunsa kuti zikwama 40 ndingawapatse pa mtengo wanji, ndinachita manyazi n'kuyankha kuti apereke zimene angakwanitse. Anati adzandiimbira, koma mpaka lero foni sinalire. Kodi ndinalakwitsa pati, ndipo kodi ndibwererekonso?"

Amayi, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza: inde, mubwererekonso, chifukwa m'kalata yanu mulibe chimene chikuonetsa kuti a manijalawo sanazikonde zikwamazo. Munthu amene katundu sanamusangalatse safunsa mtengo wa zikwama 40. Iwo anafunsa chifukwa anali atayamba kale kuwerengetsa mumtima, ndipo pamene munawauza kuti apereke zimene angakwanitse, munawasiya opanda nambala yoti awerengetsere.

Ndikudziwa kumene yankho lanulo linachokera. Tinaleredwa kuti pamaso pa munthu wamkulu sitithamangira kutchula chimene tabwerera. Timayamba ndi malonje, timadzichepetsa, ndipo nkhani ya ndalama timaisiyira iye kuti aiyambe. Ulemu umenewu sindikuunyoza, ndipo moni wabwino musausiye. Koma munthu wogulira katundu sitolo ya eni ake ali ndi bwana amene adzamufunsa kuti anagula zingati, pa mtengo wanji, ndipo phindu lituluka lotani. Kwa iye, wogulitsa amene satchula mtengo amaoneka ngati munthu wosadziwa ndalama zimene amawononga popanga katundu wake, ndipo munthu wotereyu mwezi wamawa adzakweza mtengo mosayembekezereka kapena adzalephera kumaliza oda ali pakati. Choncho mawu amene inu munawanena mwaulemu, iwo anawamva ngati chenjezo.

Ntchito yoyamba, ndiye, muichite kunyumba ndi cholembera musanakwere galimoto. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, inu muikepo anu enieni. Tinene kuti chikwama chimodzi chimadya chitenje cha K45, nsalu ya mkati ya K20, zipi, ulusi ndi zogwirira za K25, ndipo kapepala ka dzina lanu pamodzi ndi gawo lake la mtengo wa ulendo wa ku Mfuwe ndi K10. Zimenezi zikukwana K100. Pamwamba pake muikepo malipiro a manja anu, tinene K50, pakuti osoka ambiri amaiwala kudzilipira n'kumaona ngati apeza phindu pamene angobweza thukuta lawo. Chikwamacho chakudyerani K150. Mukachipikulitsa pa K200, oda ya zikwama 40 ndi K8,000, ndipo m'menemo K4,000 ndi ya zipangizo ndi ulendo, K2,000 ndi malipiro anu, K2,000 yotsalayo ndiye phindu la bizinesi. Mtengo wopikulitsira uyenera kutsika poyerekeza ndi K250 ya pamsika, chifukwa masitolo a mphatso nthawi zambiri amafuna kugulitsa pa mtengo woyandikira kuwirikiza kawiri umene agulira, komanso chifukwa inu simudzakhala padzuwa tsiku lonse kudikira wogula mmodzimmodzi. Musankhiretunso mtengo umene simungatsike kupitirira pamenepo, mwina K180, kuti akayamba kunenerera musapange chiganizo mtima uli m'mwamba.

Masamu omwewa akukupatsani chinthu china choti mukanene. Popeza zipangizo ndi ulendo zikufuna K4,000, yomwe ndi theka la mtengo wa oda yonse, muli ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti theka alipire poyamba ndipo lotsalalo alipire polandira katundu. Wogula wodziwa ntchito sakhumudwa ndi pempho lotere ngati mwamufotokozera kuti ndalamazo ndi zogulira nsalu ya oda yake yomweyo.

Tibwere ku mbiri ya moyo wanu, imene ndikukhulupirira kuti ndiyo inatenga nthawi yambiri ya kukumana kuja. N'zoona kuti ku Mfuwe nkhani imagulitsa katundu. A Mulberry Mongoose amapanga mikanda ndi zibangili pogwiritsa ntchito mawaya a misampha imene yachotsedwa m'tchire, ndipo mlendo akagula amadziwa kuti wavala chinthu chimene chikanapha nyama. A COMACO amagulitsa chiponde, uchi ndi mpunga wa ku Chama pa dzina la It's Wild!, ndipo amafotokoza kuti zinthuzo zimachokera kwa alimi amene amasamalira nthaka ndi nyama zakutchire. Koma taonani mmene nkhani zimenezi zilili: zimakwana pa kapepala kakang'ono, ndipo zimabwera pambuyo pa katundu wopangidwa bwino amene mtengo wake ndi wodziwika kale. Nkhani yanu muifupikitse ikhale ziganizo ziwiri, zonena kuti chikwamacho chasokedwa ku Chipata ndi mayi amene waphunzitsa ana ake ndi makina amodzi, ndipo muilembe pa kapepala komangirira ku chikwama. Ikakhala pamenepo imathandiza a manijala kugulitsa kwa mlendo, pamene ikanenedwa kwa mphindi makumi awiri mu ofesi imawapangitsa kuganiza kuti mwabwera kudzapempha chithandizo. Mukumbukirenso kuti ku Mfuwe komweko kuli a Tribal Textiles, amene amapanga nsalu zojambulidwa pamanja zimene alendo amazidziwa, kotero funso lakuti zanu zikusiyana bwanji ndi zimene zilipo kale likhoza kubwera, ndipo yankho lake mulikonzeretu. Mwina yankho lanu ndi lakuti zanu ndi za chitenje chenicheni chimene amayi amavala kuno, n'zotsika mtengo, ndipo zimapindika bwino moti sizitenga malo m'sutikesi ya mlendo wokwera ndege pa bwalo la Mfuwe.

Tsiku la kukumanalo, mukatha kulonjerana, chinthu choyamba chikhale kuika chikwama m'manja mwawo. Musachigwire inu n'kumachiyamikira. Muwasiye atsegule zipi, ayang'ane msoko wa mkati, akoke zogwirira. Mutenge zikwama zitatu zokha zimene mwazisoka mosamala kwambiri, chifukwa thumba lodzaza mitundu khumi ndi iwiri limasokoneza maso ndipo chikwama chimodzi chopindika msoko chimaipitsa zinzake zonse. Pamene akuyang'ana, muwafunse kuti alendo awo amakonda kugula chiyani, pa mtengo wotani, ndiponso kuti ndi katundu uti amene amakhalitsa pashelefu. Mayankho awo ndiwo akuuzeni choti mutsindike. Kenako munene zinthu zinayi momveka: mtengo wa chimodzi, kuchuluka kwa zimene mungasoke pa mwezi, masiku amene mudzatenge kuti mufikitse oda, ndi mmene mukufuna kulipiridwa. Mumalize ndi pempho lenileni, monga lakuti, "Ndikupempha kuti muyambe ndi zikwama 20 muone mmene ziyendere." Mukatero mukhale chete. Apa ndi pamene ambiri amadzigwetsa, chifukwa wogula akangokhala kanthawi osayankha, iwo amachita mantha n'kuyamba kudzitsitsira okha mtengo wosapemphedwa, chonsecho munthuyo amangowerengetsa.

Zonsezi zisapitirire mphindi zitatu, ndipo muziyeserere kunyumba mutatchera nthawi pa foni, pamaso pa munthu amene sakunyengererani, kaya ndi mlamu wanu kapena mnzanu wa pamsika wa pakamwa pakuthwa. Ngati a manijalawo salankhula Chinyanja ndipo Chingerezi chimakuvutani mukakhala ndi mantha, musadandaule kwambiri: mulembe manambala onse pa pepala limodzi loyera, lokhala ndi dzina la bizinesi, nambala ya foni ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu, ndipo mulisiye pa tebulo pawo pochoka. Pepalalo ndilo lidzakulankhulirani kwa bwana wawo inu mutabwerera ku Chipata.

Pa za kuchuluka kwa katundu, munene zoona ngakhale zitaoneka zochepa. Walira mvula walira matope, ndipo oda yaikulu imene mwaivomera mopupuluma ikhoza kukuphetsani dzina. Ngati mumasoka zikwama ziwiri pa tsiku, zikwama 40 ndi masiku makumi awiri a ntchito popanda maliro, matenda kapena kuzima kwa magetsi, ndipo tonse tikukumbukira mmene chilala cha 2024 chinatsitsira madzi ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, n'kusiya amakina a magetsi atangopinda manja. Mulonjeze milungu isanu n'kufikitsa katundu m'milungu inayi. Muwauzirenso kuti chitenje cha maluwa amodzimodzi chimatha m'masitolo ndipo nthawi zina sichibweranso, kotero chimene mungalonjeze ndi mtundu ndi kulimba kwa nsalu, osati maluwa ofanana ndendende ndi a chitsanzo chija. Wogula amene wauzidwa zimenezi poyamba sadzakubwezerani katundu pambuyo pake.

Nthawi yopitira nayonso ndi yofunika. Alendo ambiri amabwera ku South Luangwa, malo osungirako nyama zakutchire a ku Mfuwe, m'nyengo yopanda mvula, makamaka kuyambira Juni mpaka Okutobala, ndipo misasa yambiri ya m'tchire imatsekedwa m'dzinja. Ndi chifukwa chake ndi bwino kukafika m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene akukonzekera kudzaza mashelefu, kusiyana ndi kufika mu Novembala pamene akuwerenga zotsala. Musanapite, muwatumizire uthenga waufupi pa WhatsApp wowakumbutsa za ulendo uja, wonena kuti tsopano muli ndi mtengo wa zikwama 40 umene anafunsa, ndi wopempha mphindi khumi pa tsiku limene iwo angasankhe.

Za mapepala ndinene mwachidule. Loji imafuna invoisi, pepala losonyeza katundu amene mwapereka ndi mtengo wake, yoti iike m'mabuku ake, choncho mulembetse dzina la bizinesi yanu ku PACRA (bungwe lolembetsa mabizinesi), mutenge TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ku ZRA (bungwe lotolera misonkho), ndipo mukhale ndi buku la ma invoisi ndi akaunti yolandirirapo ndalama. Akakupemphani kuti mungosiya katundu adzakulipireni akagulitsa, musakane msanga koma musasiyenso zambiri. Zikwama khumi n'zokwanira, ndipo mulemberane kuti muzidzawerengera limodzi tsiku liti la mwezi ndiponso kuti chikwama chikada kapena kusowa m'sitolo alipire ndani.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Katete amene amajambula zithunzi pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika ndiponso amakonza zikwangwani ndi malebulo pa kompyuta. Iye akuti gulu lina la amayi opanga chiponde lamuitana kuti akawaonetse zimene angawachitire, ndipo wakonza masamba 35 a PowerPoint ofotokoza maphunziro ake ndi ntchito zonse zimene anagwirapo. Akufunsa ngati zimenezi zikukwanira.

Achimwene, zachuluka. Amayi amenewo sakufuna kulemba munthu ntchito ya mu ofesi. Akufuna kuti botolo lawo likaima pashelefu pafupi ndi la fakitale, wogula alitole. Mugule botolo limodzi la chiponde chawo, mukonze lebulo yatsopano, muisindikize n'kuimata pa botolo lina lofanana nalo, ndipo pa msonkhanopo muike mabotolo awiriwo pa tebulo moyandikana kuti azipatsirana. Kuchita zimenezi sikudalira magetsi kapena laputopu, ndipo mayi wokhala kumbuyo amene sakanatha kuwerenga zolembedwa pakhoma adzagwira botololo ndi manja ake. Pa masamba anu aja musungepo asanu oonetsa ntchito zofanana ndi imeneyi, ndipo muwaonetse pokhapokha akafunsa.

Chimene chidzakusiyanitseni ndi ojambula ena ndi kudziwa zimene lebulo ya chakudya imayenera kukhala nazo, chifukwa chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo lebulo yokongola imene ilibe zofunika idzakanidwa ndi sitolo yaikulu. Pakhale dzina la chinthucho, kulemera kwake, zimene zaikidwamo, dzina ndi keyala ya opanga, ndi malo olembapo tsiku lopangira ndi tsiku lothera mphamvu. Muwalangizenso kuti akafunse ku ZABS, bungwe loona za miyezo ya katundu, za kuyezetsa chiponde chawo, makamaka pa nkhani ya chuku cha mtedza, ndipo chizindikiro cha bungwelo musachiike pa lebulo iwo asanapatsidwe chilolezo.

Mtengo wanu muutchule monga ndawauzira amayi a ku Kapata, koma inu muwonjezepo zinthu ziwiri zimene zimavutitsa ojambula. Choyamba, munene kuti mtengowo ukuphatikiza kusintha kawiri kokha, chifukwa gulu la anthu makumi awiri lili ndi maganizo makumi awiri a mtundu wa chikasu umene ukuyenera, ndipo mupemphe kuti asankhe munthu mmodzi amene azikuuzani chimene agwirizana. Chachiwiri, zitsanzo zimene muwatumizire pa foni zikhale zazing'ono ndi zodindidwa dzina lanu pakati, ndipo fayilo yeniyeni yokasindikizitsa muipereke tsiku limene amaliza kulipira.