Geni ya zovala ndi mankhwala amene amabwera nazo

Achemwali, mwafunsa kuti geni yooda zovala kunja imayenda bwanji, komanso ngati fungo lija limatuluka mukangotsegula katundu lili ndi vuto. Za ulendo sizivuta. Mumapeza wokupikulitsani wodalirika, mumasunga malisiti onse, pa boda mumaonetsa katundu n'kulipira msonkho. Ngati ndi mabelo a kaunjika, mayiko ambiri amafunanso chikalata chosonyeza kuti anafukizidwa mankhwala ophera tizilombo. Zimenezo mudzazolowera msanga. Za fungozo ndiye tikambirane bwino, chifukwa katundu wathuyu amakhala pakhungu la munthu tsiku lonse, ndipo oyamba kumugwira ndife.

Nsalu isanasokedwe imaviikidwa m'mankhwala ochuluka: ena oyeretsa, ena aupereka mtundu, ena oti isachite makwinya. Ambiri amatsukidwa ku fakitale komweko, koma otsalira sasowa. Fungo loluma m'mphuno, lija limatulutsa misozi mukang'amba pulasitiki ya mashati atsopano, nthawi zambiri ndi la mankhwala otchedwa formaldehyde, amene amapezeka kwambiri m'zovala zoti sizifuna kusita. Amayabwitsa khungu, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kudzera ku nthambi yake yofufuza za khansa, linawaika m'gulu la mankhwala oyambitsa khansa. Dziko la Japan linakhazikitsa lamulo lochepetsa mankhwalawa m'zovala kale mu 1973, ndipo pa zovala za makanda ndi lokhwima kwambiri. Ku European Union, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, kuyambira mu 2020, chovala sichiloledwa kukhala ndi formaldehyde wopitirira mamiligalamu 75 pa kilogalamu imodzi ya nsalu. Mwayi wake ndi wakuti formaldehyde amasungunuka m'madzi, choncho kuchapa koyamba kumachepetsa kwambiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa pamenepo ndi utoto, chifukwa sununkha. Utoto wina wa gulu la azo umasweka ukakhudzana ndi thukuta ndi tizilombo ta pakhungu, n'kutulutsa mankhwala ena oyambitsa khansa, ndipo European Union inauletsa mu 2002. Palinso utoto wa nsalu za poliyesita, makamaka zakuda ndi zabuluu wodera, umene sugwira nsalu zolimba. Munthu akatuluka thukuta umasamukira pakhungu. N'chifukwa chake zidzolo za chovala zimatuluka m'khwapa, m'chiuno ndi m'ntchafu, malo amene chovala chimathina ndi kukhuza.

Ine popikula ndimayenda ndi kansalu koyera m'chikwama. Ndimakanyowetsa pang'ono n'kupukuta mkati mwa jinzi kapena legini kangapo. Kakatuluka kali bii, katunduyo ndimamusiya, ngakhale mtengo utsike bwanji. Kuyesa kumeneku sikungakuuzeni dzina la mankhwala, koma kumaonetsa kuti utoto ukuyenda, ndipo woyenda pakansalu udzayendanso pathupi la wogula.

Yang'ananinso timapaketi tija timaikidwa m'mabokosi a nsapato ndi zikwama. Tambiri ndi ta silica gel, tongoyamwa chinyezi, tilibe vuto bola mwana asadye. Koma tina munkakhala mankhwala otchedwa dimethyl fumarate, oteteza chuku paulendo wa panyanja, amene anawaula anthu khungu ku Ulaya kudzera m'nsapato ndi m'mipando mpaka analetsedwa mu 2009. Paketi yopanda dzina, ya ufa woyera, musaikhulupirire. Mabatani ndi mazipi a chitsulo cha nickel nawonso amatupitsa khungu pansi pa mchombo, ndipo zimenezi sizichoka ndi sopo.

Lamulo la dziko lina siliteteza wogula wa kwina. Katundu wokanidwa kumene amayeza amakafuna msika kumene sayeza, ndiye pakati pa fakitale ndi mwana wovala thewera pamatsala inu ndi ine. Mukaona chizindikiro cha OEKO-TEX Standard 100, chosonyeza kuti chovalacho chinayezedwa ngati chili ndi mankhwala oopsa, n'chabwino, koma chikhale ndi nambala, chifukwa nambalayo imatheka kuitsimikiza pa intaneti, ndipo zizindikiro zabodza ziliko.

Belo muzitsegulira panja podutsa mphepo, osati m'chipinda chogona. Zovala ziyanikidwe kaye musanayambe kusankha, ndipo ngati manja anu sachedwa kuyabwa, valani magolovesi. Kontena ikatsegulidwa musathamangire kulowa, mpweya wa mankhwala ofukizira umatha kutsalira m'menemo ndipo umapha.

Wogula aliyense mumuuze kuti achape asanavale, ndi kutsukuluza mpaka madzi ayere. Za mkati ndi za makanda achape kawiri. Zimene zachoka pachovalazo sizithera m'beseni, zimapita ndi madzi. Mankhwala otsukira nsalu otchedwa nonylphenol ethoxylates akafika mumtsinje amasokoneza kuswana kwa nsomba, n'chifukwa chake ku European Union anawaikira malire m'zovala kuyambira mu 2021. Madzi ochapira zatsopano asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena mumtsinje.

Kasitomala akabwera ndi zidzolo, musakangane naye. Asiye kuvala chovalacho, apite kuchipatala ngati sizikuzilala, ndipo inu chotsani pamalonda zonse za mtundu umenewo mpaka mutalankhula ndi amene anakupikulitsani.