Siteshoni ya Westminster sinasiyidwe panjira

Mmodzi mwa awerengi athu amene amakhala ku London wandilembera imelo kufunsa chifukwa chimene siteshoni ya sitima za pansi pa nthaka ya Westminster, yomwe ili pafupi ndi Nyumba ya Malamulo ya dziko la Britain, imaonekera ngati amisiri anaithawa asanaimalize. Akuti paliponse pamangooneka konkire yosapaka ndi zitsulo zopingasa, ndipo akuganiza kuti mwina ndalama zinawathera.

Bambo, siteshoniyo inamalizidwa, ndipo zimene mukuonazo ndi zimene zaigwira kuti isagwe.

Pamalopo pali masiteshoni awiri a mibadwo yosiyana. Yoyamba inatsegulidwa mu 1868, pa nthawi imene ankakumba ngalande kuchokera pamwamba, n'kuyala njanji, kenaka n'kuvindikira, ndiye chifukwa chake sitima za pa njanji zotchedwa District ndi Circle zimayenda pansi pang'ono chabe pa msewu. Yachiwiri, imene inatsegulidwa mu 1999, ndi ya njanji yotchedwa Jubilee, ndipo ntchito yovuta inali imeneyi.

Kuti anthu azitha kutsika sitima ina n'kukwera ina, akatswiri anakumba dzenje lozama pafupifupi mamita 39 pansi pa njanji yakale ija, sitima zili kuyenda tsiku ndi tsiku. Njanji yakaleyo anaitsitsanso ndi mamilimita 300, pang'onopang'ono, pa maola ochepa a usiku pamene sitima zaleka kuyenda. Dzenje lotero, lomwe lili m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, limakankhidwa ndi dothi mbali zonse, choncho zitsulo zikuluzikulu zopingasa zija ndi zimene zimatchinjiriza makoma kuti asagwere mkati. Mizati ya konkire nayo yasenza Portcullis House, nyumba ya maofesi a aphungu imene ili pamwamba pake, ndipo siteshoniyo ndi nyumbayo zinakonzedwa ndi kampani ya katswiri wojambula mapulani a nyumba, Michael Hopkins, ngati chinthu chimodzi.

Nkhawa yaikulu inali nsanja ya wotchi ya Big Ben, imene ili pafupi ndi siteshoniyo, chifukwa nthaka ikakumbidwa imatsika, ndipo nsanjayo ikanatha kupendekeka. Akatswiri analowetsa mapaipi m'nthaka, n'kumapoperamo simenti yamadzimadzi nthawi iliyonse zipangizo zawo zikaonetsa kuti nthaka yayamba kutsika.

Kwa ine, amisiriwo anachita bwino kusabisa zonsezi ndi matailosi kapena siling'i. Munthu akamatsika pa makwerero oyenda okha, amene amapingasana mkati mwa dzenjelo, amaona kumene akupita ndi kumene akuchokera, chinthu chimene chimasowa m'masiteshoni akale, omwe tinjira take n'topanikiza ndi tokhotakhota. Ndikuvomereza kuti malowo ndi odera ndipo ena sawasangalatsa.

Mukadzapitakonso, muonetsetse kuti njanji ziwiri za Jubilee sizili moyandikana monga m'masiteshoni ambiri, koma ina ili pamwamba pa inzake, chifukwa malo anali ochepa ndipo panafunika kutalikirana ndi maziko a nyumba zozungulira.