Mutengeni mwanayo akaone Chanco

Mayi wina wa ku Mpondasi wanditumizira imelo. Akufunsa ngati n'kwanzeru kuwononga ndalama kupita ndi mtsikana wake wa Fomu 3 ku Zomba kukangoona malo, pomwe alendo amachita kulondola nyanja kwathu kuno.

Mayi, funso lanu landikhudza. Ine ndinakulira kuno ku Mangochi, ndipo yunivesite ndinkangoimva pa wailesi. Ku Zomba ndinakafika ndili wamkulu kale. Tinadutsa pa Ulongwe, n'kuwoloka Shire pa Liwonde, ndipo titapitirira Domasi mphepo inasinthiratu. Kwa munthu wozolowera thukuta la kuno, kuzizira kwa m'munsi mwa phiri la Zomba kumatsitsimutsa. Mitengo italiitali, madzi a Mulunguzi akutsika m'miyala, nyumba zakale za atsamunda zili phee m'mbali mwa phiri.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi ku Chirunga, komwe kuli Chancellor College, imene ambiri amangoti Chanco. Chancellor College inayambira ku Chichiri, ku Blantyre, mu 1965, n'kusamukira ku Zomba mu 1973. Patangopita zaka ziwiri, mu 1975, likulu la dziko linapita ku Lilongwe. Boma linachoka, ophunzira n'kutsala, ndipo ndi iwowa amene akhala akuupatsa moyo mzindawu, kuyambira ogulitsa mandazi mpaka eni nyumba za lendi ku Chikanda. Nditaima pafupi ndi Great Hall ndinakumbukira kuti mu 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma, ophunzira a pano anaguba powaikira kumbuyo, nthawi imene akuluakulu ambiri ankaopa ngakhale kunong'ona. Mu 2011 aphunzitsi awo analimbanso mtima pa nkhani ya ufulu wophunzitsa mopanda mantha, koleji n'kutsekedwa miyezi yambiri. Kuyambira 2021 dzina lake ndi University of Malawi basi, koma pakamwa pa anthu idakali Chanco.

Ndiye ndinene mosabisa: kunena kuti ulendo wotere n'kuwononga ndalama ndimakana kwamtuwagalu. Ana athu kuno amaona asodzi, amaona obwera ku Joni ndi njinga zamoto, ndipo amasirira zimene akuziona. Atsikana ndiye akulowa m'banja asanamalize sukulu. Mwana angalakelake bwanji laibulale imene sanaionepo? Timapeza ndalama ya chinkhoswe ndi zovala za chikondwerero, koma ya ulendo wa tsiku limodzi timati palibe. Zimandipweteka kwambiri.

Za ulendowo

Nyamukani m'mamawa pa minibasi, ndipo mutenge majuzi. Pitani pa nthawi imene koleji ili yotsegula, kuti mtsikanayo akaone anzake atanyamula mabuku, ndipo pachipata mukapemphe chilolezo. Ngati thumba lilola, kwerani phiri mukaone damu la Mulunguzi. Ku Emperor's View, pamwamba pa phirilo komwe mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie inakaima mu 1965, n'kotalikirapo, choncho mungakusiyire ulendo wina.