Kaboni waphokoso anandidyera miyezi inayi

Mnzathu wina amene akuchita PhD wanditumizira imelo. Akufunsa kuti pa ma spin (timaginito ting'onoting'ono ta pakatikati pa maatomu) a kaboni-13 ozungulira NV centre (kachilema ka m'dayamondi, pomwe atomu ya nayitirojeni yagundizana ndi malo opanda atomu), asankhe uti wosungiramo uthenga wa quantum. Mtima wake uli pa amene chizindikiro chake ndi champhamvu kuposa onse.

Ndinaseka, koma kuseka kowawa, chifukwa dzenje limeneli ndinagwamo ndine. Ndinali ndi kaboni wanga woyandikana kwambiri ndi elekitironi ya NV, wa chizindikiro champhamvu, ndipo ndinkamunyadira ngati mwana wachisamba. Miyezi inayi ndili m'chipinda chamdima, laser yobiriwira ya 532 nm ili ngwee, ine maso tong'o pa kompyuta kuwerenga kuwala kofiira. Ndikamusiya phee ankasunga uthenga bwinobwino. Ndikangoyatsa laser kuti ndibwezeretse elekitironi poyambira, zonse balala! Ndinaloza chala zingwe, kenako maginito. Ndinafika mpaka pokangana ndi mnzanga wina ati amaponda mwamphamvu podutsa pakhomo. Mpaka lero sindinamupepese.

Chonsecho vuto linali kuyandikana komweko. Mphamvu ya maginito ya kaboni-13 ndi yochepa pafupifupi ka 2,600 poyerekeza ndi ya elekitironi, n'chifukwa chake phokoso silimusokoneza msanga. Koma elekitironi ikatembenuka pa nthawi yosadziwika, liwiro limene kaboniyo amazungulira limasintha, uthenga n'kufufutika. Hyperfine coupling (mphamvu yolumikiza kaboni ndi elekitironi, imene imakula zikayandikana) ikakula, kufufutikako kumafulumiranso.

Apa m'pamene ndimakwiya ndi anthu ongotchula T2 (nthawi imene spin imasunga uthenga usanafufutike) m'misonkhano ngati zigoli za mpira. Inde, mu 2019 gulu la Tim Taminiau ku Delft, ku Netherlands, linalamulira ma qubit (tizigawo tosungira uthenga wa quantum) 10 pa NV imodzi, wina n'kusunga uthenga masekondi oposa 75 pa kuzizira kwa makelvini pafupifupi 4. Ntchito yotamandika zedi. Koma nkhokwe ya uthenga pa netiweki ya quantum imayenera kupirira elekitironi ikamabwezeretsedwa kambirimbiri poyesa kupanga entanglement (kulumikizana kwa quantum pakati pa ma NV otalikirana). T2 yoyezedwa elekitironi itagona siyankha funso limenelo, ngakhale pang'ono.

Komanso musadane naye kaboni-13. Ndi 1.1% yokha ya kaboni wa m'dayamondi wamba, ndipo ena amamuchotsa kuti phokoso lichepe, n'kupeza achotsanso mosungiramo.

Tsono yankho langa kwa mnzathuyo

Pezani ma spin onse ndi dynamical decoupling (kutembenuza elekitironi mobwerezabwereza pa nthawi zoikika kuti kaboni aliyense aonekere payekha). Aliyense muikeni uthenga, bwezeretsani elekitironi mobwerezabwereza, muwerenge kuti wapirira kangati. Tengani wofooka amene mungathebe kumusiyanitsa ndi anzake, ngakhale ma gate ake (masitepe osinthira uthenga wake) azichedwerapo.